Wachinyamata Akamafooka pa Bwalo: Kufufuza Pamene Palakwika pa Chakudya ndi Nthawi Yodyera

Dandaulo la achinyamata osewera mpira mu Lilongwe ndi limodzimodzi, kaya ndi ku Kawale, ku Area 25, ku Chinsapo kapena ku Area 36. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 14 mpaka 18 amayamba mafizo ali wochangamuka, koma pakangotha mphindi 30 miyendo yalemera, mutu wayamba kuwawa, mpira ukumupitirira pamapazi. Kunyumba amati ndi ulesi. Kochi amati mphamvu zikuchepa, ndiye amamuwonjezera maulendo ozungulira bwalo, zomwe zimangokulitsa vutolo. Kawirikawiri cholakwika si mtundu wa chakudya chomwe banja likudya ayi. Nsima, nyemba, usipa ndi mpiru ndi chakudya chokwanira wosewera. Cholakwika ndi ola limene chakudyacho chikulowa m'mimba, ndiponso mpata wautali umene mwanayo akukhala wosadya.

Makolo ndi makochi, musanasinthe kanthu, tengani kope. Kwa masiku atatu, awiri a sukulu ndi Loweruka limodzi, mwanayo alembe ola limene wadya, chimene wadya, madzi amene wamwa, ola limene wayamba masewera, ndi ola limene vuto lamuyamba. Mudziwenso kulemera kwake pa sikelo, chifukwa miyezo yambiri ili m'munsimu ikutengera makilogalamu. Mukayang'ana kopelo, chifukwa chake nthawi zambiri chimaonekera chokha.

Amafooka pakati pa masewera, nthawi zina ndi chizungulire kapena kunjenjemera

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo tsiku la mwana wa ku sekondale mu Lilongwe limalibereka lokha. Wadzuka 5 koloko, wamwa tiyi wopanda mkaka, mwina ndi mandasi limodzi, mwina osadya n'komwe poopa kuchedwa minibasi. Pa bureki wagula kapaketi ka tokometsera ndi fulizesi. Waweruka cha m'ma 2 kapena 3 koloko, wayenda wapansi mpaka ku bwalo, 4 koloko wayamba kuthamanga. Chakudya chenicheni chomaliza anadya dzulo 8 koloko usiku. Ndi maola 20 amenewo.

Thupi limasunga shuga wake m'nkhokwe ziwiri, m'chiwindi ndi m'minofu. Ya m'chiwindi ndi imene imadyetsa ubongo, ndipo imakhala ikutapidwa usiku wonse munthu ali m'tulo, kotero kuti pofika m'mawa yatsika kwambiri. Ya m'minofu imatha msanga munthu akamathamanga mwamphamvu. Wachinyamata ali ndi katundu wina amene wamkulu alibe: akukula, mafupa akutalika, ndipo zimenezi zimadyanso mphamvu tsiku lililonse. Akalowa m'bwalo nkhokwe zili zopanda kanthu, chigawo choyamba amachikwanitsa ndi zotsalira, chachiwiri thupi limakana.

Zikachitika pa bwalo pomwepo, mukhazikeni pamthunzi, mumupatse madzi okhala ndi supuni yaikulu imodzi ya shuga, kapena nthochi yakupsa, kapena nzimbe. Ngati vuto linali shuga, amatsitsimuka pasanathe mphindi 15. Asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo asanadye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka musamuthire chilichonse m'kamwa. Mugonekeni cham'mbali ndipo mufune galimoto.

Kukonza kwenikweni kuli m'zinthu zitatu, ndipo choyamba ndi m'mawa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro masupuni aakulu awiri, kapena Likuni Phala, yemwe ndi chimanga chosakaniza ndi soya, limaposa tiyi ndi mandasi kutali. Mbatata yophika usiku n'kuisiya, futali, chinangwa chophika, ngakhale mkute wotenthetsa bwinobwino ndi ndiwo zotsala, zonsezi zimagwira ntchito. Amene amati m'mawa kukhosi sikulowa kanthu ayambe ndi kapu ya thobwa ndi nthochi, kenako awonjezere pang'onopang'ono pa sabata ziwiri. Mimba imazolowera.

Chachiwiri ndi chakudya chamasana, chomwe chiyenera kudyedwa maola atatu kapena anayi masewera asanayambe. Ngati mafizo ndi a 4 koloko, nkhomaliro ikhale pakati pa 12 ndi 1 koloko. Kwa amene saweruka nthawi imeneyo, palibe njira ina koma kunyamula: kakontena ka mpunga ndi nyemba, mbatata ziwiri ndi dzira lophika, kapena chigumu ndi mtedza wokazinga. Tikudziwa kuti achinyamata ambiri amachita manyazi kunyamula kontena ku sekondale, ndipo apa kochi angathandize kwambiri akalamula kuti timu yonse izitero.

Chachitatu ndi kachakudya ka ola limodzi masewera asanayambe. Muyezo wake ndi pafupifupi galamu imodzi ya chakudya chopatsa mphamvu pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mwana wa makilogalamu 50 akufunika magalamu pafupifupi 50. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, magawo awiri a buledi ali ndi 25 mpaka 30, mbatata yophika yaikulu ngati nkhonya ili ndi pafupifupi 30. Choncho nthochi ziwiri zakwana, kapena nthochi imodzi ndi mbatata. Pa tsiku lonse, wosewera ola limodzi kapena kupitirira pang'ono amafunika magalamu 5 mpaka 7 pa kilogalamu, kutanthauza 250 mpaka 350 kwa mwana yemweyu. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi pafupifupi magalamu 75 a chakudya chopatsa mphamvu, ndiye nsima ya kawiri patsiku, phala ndi zipatso zimafikitsa pamenepo popanda kugula chachilendo.

Amamva kubaya m'nthiti, nseru, chilungulira, kapena amasanza

Apa zatembenuka: wadya, koma mochedwa. Wafika kunyumba 3 koloko ali ndi njala, wadya mitanda itatu ya nsima ndi nyemba, 3:30 wanyamula nsapato. Kapena wadutsa pa chiwaya n'kugula tchipisi ndi kanyenya. Munthu akamathamanga, magazi ambiri amachoka kumatumbo kupita kuminofu, ndipo kugaya chakudya kumachedwa. Mafuta ndi amene amachedwetsa koposa. Tchipisi, zitumbuwa ndi nyama yokazinga zimatha kukhala m'mimba maola anayi kapena kuposa. Nyemba, nandolo ndi kabichi zimawonjezera mpweya.

Lamulo lake ndi lakuti nthawi ikamachepa, chakudya chichepenso ndipo chikhale chosavuta kugaya. Patsala maola atatu, adye nsima ndi ndiwo monga mwa masiku onse. Patsala maola awiri, mtanda umodzi ndi dzira kapena usipa wa tomato wopanda mafuta ambiri, nyemba azisiyire madzulo. Patsala ola limodzi, nthochi, buledi, mbatata kapena phala lamadzimadzi. Patsala mphindi 30, nthochi imodzi ndi madzi basi, nsimayo aivundikire akaipeza pobwera. Apa ufa woyera uli ndi ubwino wake: umagayika msanga kuposa mgaiwa, ngakhale kuti pa chakudya cha m'mawa ndi chamadzulo mgaiwa ndiye wabwino chifukwa gaga wake ali ndi michere yambiri.

Zakumwa za m'mabotolo zokhala ndi gasi zimabweretsanso kubaya. Zambiri zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 aliwonse, ndipo chakumwa chotsekemera choncho chimachedwa kuchoka m'mimba. Kubaya kukayamba, achepetse liwiro, akanikize pamalopo ndi zala, awerame pang'ono ndi kupuma mozama. Kumatha m'mphindi zochepa.

Mutu umawawa, minofu imakokana, mkodzo ndi wochepa komanso woderako

Vutoli limakula mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha mu mzinda muno kumapitirira madigiri 30 ndipo mabwalo ambiri a m'makwalala ndi a fumbi opanda mthunzi. Koma limapezekanso mu Juni ndi Julayi, chifukwa kukazizira ana samva ludzu ndipo amaiwala kumwa pamene mpweya uli wouma.

Njira yodziwira ndi sikelo. Ayezedwe asanayambe ndiponso atangomaliza, atavula jezi yonyowa. Kilogalamu imodzi yotayika ndi lita imodzi ya thukuta. Kutaya kopitirira magawo awiri pa 100 a kulemera kwa thupi, komwe ndi kilogalamu imodzi kwa mwana wa makilogalamu 50, kumachepetsa liwiro ndi kuganiza msanga. Pobwezera, amwe lita imodzi ndi kotala mpaka lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse yotayika, pang'onopang'ono pa maola angapo, osati kugugudiza nthawi imodzi. Popanda sikelo, ayang'ane mkodzo wa masana: ukhale wotuwirako ngati madzi a ndimu, osati ngati tiyi.

Kumwa kuyambe kusukulu, osati pa bwalo. Kapu imodzi kapena imodzi ndi theka pa nkhomaliro, ina ola limodzi asanayambe, kenako theka la kapu mpaka kapu yathunthu mphindi 15 kapena 20 zilizonse akusewera. Pa masewera osapitirira ola limodzi madzi okha akwana. Akapitirira ola padzuwa, konzani chakumwa ichi: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aakulu anayi a shuga, kotala ya supuni yaing'ono ya mchere, ndi madzi a ndimu imodzi. Musawonjezere shuga poganiza kuti mukuwonjezera mphamvu, mudzangobweretsa kubaya kuja. Thanzi ORS ndi wa munthu amene akutsegula m'mimba, mchere wake ndi wochuluka ndipo shuga ndi wochepa, choncho si chakumwa cha masiku onse pa bwalo.

Kukokana kwa minofu kumabwera kwambiri minofu ikatopa kupyola mmene inazolowera, ndipo kutaya madzi ndi mchere kumawonjezera. Wongolani mnofuwo pang'onopang'ono mpaka umasuke. Amene jezi yake imauma ndi mizere yoyera amataya mchere wambiri, ndipo ndiwo zothira mchere wabwinobwino madzulo zimabwezera.

Pali chinthu china chimene matimu a m'madera amachinyalanyaza: chigubu chimodzi ndi kapu imodzi ya osewera 20, madzi otungidwa pachitsime chapafupi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri mu Lilongwe. Aliyense akhale ndi botolo lake, ndipo madzi osachokera pampopi wodalirika awiritsidwe kapena athiridwe klorini.

Amadzuka thupi lili lophwanyika, ndipo usiku amadya ngati sadzadyanso

Mafizo atha cha m'ma 5:30, kuyenda mpaka kunyumba, kusamba, kudikira makala kuti ayake kapena magetsi kuti abwere, nsima yapsa 8 koloko. Papita maola awiri ndi theka thupi likudikira. Minofu imalandira shuga mwachangu kwambiri m'maola oyambirira munthu akangomaliza masewera, ndipo kwa amene mawa akuseweranso, kuchedwa kumeneku kumaonekera m'miyendo. Kenako mwanayo amadya mopyola, kugona mimba ili ndi katundu, m'mawa njala palibe, ndipo tabwerera ku vuto loyamba lija.

Pasanathe ola limodzi atamaliza, adye kanthu kokhala ndi zopatsa mphamvu ndi zomanga thupi pamodzi. Zomanga thupi zikhale magalamu 15 mpaka 20. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka kapena chambiko ya mamililita 250 ili ndi 8, mtedza wodzaza dzanja uli ndi pafupifupi 7, kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Choncho kapu ya chambiko, mtedza dzanja limodzi ndi nthochi zakwana. Thobwa ndi mtedza ndi njira yotsika mtengo, ndipo zonse zimanyamulika m'chikwama. Mtedzawo usankhidwe: wofota, wowawa kapena wachuku utayidwe, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi.

Madzulo mbale ikhale ndi nsima, ndiwo ya nyemba kapena nsomba kapena soya, ndi masamba. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo ya ana ndi omwewo amene wosewera akufunika: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Tulo nato tiwerengedwe, maola 8 mpaka 10. Mwana amene amagona 11 koloko ndi foni n'kudzuka 5 koloko sangachire ngakhale adye bwino chotani.

Akudya pa nthawi yake, koma amapuma wefuwefu ndipo mtima umagunda kwambiri

Ngati mwakonza nthawi kwa sabata zitatu koma palibe kusintha, ganizirani za kuchepa kwa magazi. Yang'anani mkati mwa zikope, zikhato ndi lilime ngati zatuwa. Atsikana ndi amene ali pachiwopsezo chachikulu chifukwa cha msambo. Kafukufuku wa za umoyo wa m'Malawi monse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi magazi ochepa. Mtsikana wa zaka 14 mpaka 18 amafunika mamiligalamu 15 a ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) patsiku, mnyamata 11.

Musayambe ndi kugula mapiritsi. Pitani kuchipatala chapafupi akayeze magazi, chifukwa malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zimachepetsanso magazi, ndipo izi chakudya sichingachize. Achipatala akapereka mapiritsi a ayironi, amwedwe mpaka nthawi imene anena ithe. Chimbudzi chimada, ndipo zimenezo si zoopsa.

Kukhitchini zosintha ndi zochepa koma zofunika. Chiwindi, nyama yofiira, usipa, bonya, nyemba, soya, bonongwe ndi chisoso zili ndi ayironi. Wa m'nyama ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa m'masamba, koma wa m'masambayo amalowa bwino akadyedwa ndi chipatso chokhala ndi vitamini C: gwafa, lalanje, manachesi, mango, malambe, ngakhale tomato wosaphikitsa. Tiyi amatchinga ayironi, choncho asamwedwe pamodzi ndi chakudya, pakhale mpata wa ola limodzi. Soda wothira m'masamba kuti afewe amawononga mavitamini, ndipo kuphikitsa masamba mpaka ade kumachitanso chimodzimodzi. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yake zimaperekanso kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, yemwe achinyamata amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,300 patsiku pa zaka zimene mafupa akumangika.

Akuwonda, akudwaladwala, kapena mtsikana wasiya kusamba

Ichi sitikufuna kuti chipeputsidwe. Wachinyamata amene akukula sayenera kutsika pa sikelo mwezi ndi mwezi. Zikatero ndiye kuti chakudya chonse cha tsiku chikuchepera ntchito imene thupi likugwira, kaya chifukwa pakhomo chakudya chavuta, kaya chifukwa mwanayo akudzimana dala kuti achepe thupi. Thupi limayamba kuzimitsa zina kuti lisunge mphamvu. Kwa atsikana msambo umasokonekera kapena kuima, mafupa amafooka, ndipo kumayamba kupweteka kwa msongolo kapena phazi kosatha. Bungwe loyang'anira masewera a Olimpiki la International Olympic Committee linalipatsa vutoli dzina lakuti RED-S mu 2014, ndipo limagwiranso anyamata.

M'matimu ena a netibo ndi othamanga muli chikhulupiriro chakuti msambo ukaima ndiye kuti mtsikana wakhwima pa masewera. Si zoona. Ukaima miyezi itatu, apite kuchipatala, ndipo makolo asathamangire kumukalipira za mimba asanamve zotsatira. Pakadali pano masiku a mafizo achepetsedwe, ndipo chakudya chiwonjezeredwe m'njira yosadzaza mimba: nsinjiro m'phala ndi m'ndiwo, peyala pa buledi, supuni ya mafuta yowonjezera, kachakudya ka pakati kawiri patsiku. Makochi aleke kunena za thupi la mwana pagulu la anzake. Mawu amodzi akuti wanenepa amatha kumusiyitsa nkhomaliro teremu yonse.

Ngati kuwonda kukubwera pamodzi ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku, kapena chifuwa chopitirira sabata ziwiri ndi thukuta la usiku, si nkhani ya kadyedwe, ndi ya chipatala sabata yomweyo.

Akufuna minofu ndipo akupempha ndalama za ufa wa m'chitini

Anyamata onyamula zitsulo ku jimu amauzana kuti popanda ufa wa mapuloteni (zomanga thupi) palibe chimene chingatuluke. Wachinyamata wochita masewera amafunika magalamu 1.2 mpaka 1.6 a zomanga thupi pa kilogalamu patsiku. Kwa wa makilogalamu 60 ndi magalamu 72 mpaka 96. Kapu ya nyemba, mazira awiri, kapu ya mkaka, mtedza dzanja limodzi ndi mbale ya usipa kapena ma soya pieces, kuphatikiza zimene zili kale mu nsima, zimafikitsa pamenepo. Chofunika ndi kuzigawa pa chakudya chilichonse, osati kuziwunjika usiku. Zitini zina zogulitsidwa mwachisawawa zimakhala ndi zinthu zosalembedwa pa chikuto, ndipo zina mwa izo ndi zoletsedwa pa mipikisano.

Zakumwa zotchedwa zopatsa mphamvu ndi nkhani ina. Zimene mwana amamva akamwa ndi kafini, si chakudya. Mtima umathamanga, manja amanjenjemera, ndipo akamwa madzulo tulo timasowa. Madokotala a ana amaletsa zakumwa zimenezi kwa achinyamata.

Tsiku la mpikisano zonse zimasokonekera

Mwana amachita bwino mkati mwa sabata, koma Loweruka akapita kukasewera ku Civo kapena ku Bingu National Stadium amakhala ngati wina. Fufuzani ndandanda. Timu yasonkhana 8 koloko, masewera amene anati ayamba 11 ayamba 2 koloko, ana akhala padzuwa osadya, kapena wakufuna kwabwino wabweretsa tchipisi ndi nkhuku patatsala mphindi 40. Tsiku la mpikisano si loyesera chakudya chatsopano. Usiku wake adye nsima kapena mpunga wokwanira ndi ndiwo zozolowereka, m'mawa phala, ndipo timu inyamule thumba la nthochi, buledi, mbatata yophika ndi madzi, kuti nthawi ikasunthidwa ana azidya pang'ono maola awiri aliwonse. Pa nthawi yopuma pakati pa zigawo, theka la nthochi kapena zidutswa za lalanje ndi madzi. Ngati pali masewera awiri tsiku limodzi, adye pasanathe mphindi 30 oyamba atatha. Chakudya chonona cha wakufuna kwabwino uja chidikire wezulo yomaliza.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kope kapena kusintha ndandanda. Kupweteka pachifuwa pothamanga, kukomoka ali mkati mothamanga, mtima wogunda mosalongosoka, kubanika, kapena mkodzo wofiira kapena wakuda pambuyo pa masewera, zonsezi mwanayo asiye masewera mpaka dokotala amuone. Akasokonezeka mutu padzuwa, akuyankhula zosamveka, akudzandira ndipo thupi latentha kwambiri, muvuleni jezi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza pomwepo, ndipo mupitirize kumuthira m'galimoto popita ku Kamuzu Central kapena chipatala chilichonse chimene chili pafupi.